Maso a amayi akuchita chifunga pakati, kodi ndi mavitamini akuchepa?

Wa ku Chibavi:
Abale, ndithandizeni nzeru. Amayi anga ali ndi zaka 74. Chiyambire chaka chatha akuti akayang'ana munthu, pankhope pamakhala chifunga, koma zam'mbali akuziona bwinobwino. Dzulo anandifunsa kuti felemu ya chitseko yapindika liti, chonsecho ili mowongoka. Baibulo analisiya kalekale. Ali ndi shuga, amamwa metformin zaka 8 tsopano. Ndiye pali mayi wina wa kumpingo akugulitsa botolo la mavitamini, ati limatsuka magazi maso n'kubwerera. Mtengo wake ungagule thumba la feteleza. Kodi n'zoona kuti zoperewera m'magazi zimapha maso a okalamba?

Namwino wopuma, Zolozolo:
Achimwene, botololo lisiyeni kaye. Ng'ala imaphimba paliponse ngati utsi. Izi zoona mizere yopindika zimaloza pakatikati pa kuseri kwa diso, pamene madokotala amati macula. Pamatha ndi ukalamba, komanso shuga amatha kupatupitsa, ndiye musazengereze. Apititseni kwa a maso ku Mzuzu Central akawadonthezere mankhwala okulitsa mwana wa diso n'kuona m'kati.
Za mavitaminizo si bodza lenileni, koma ogulitsa amakokomeza. Kafukufuku wa AREDS ku America mu 2001 anapeza kuti vitamini C, E, beta-carotene ndi zinc zimachepetsa ndi 25 peresenti chiopsezo choti matenda a macula afike poipa, kwa amene matendawo anali atayamba kale kukula. Maso otayika sanabwerere, ndipo ng'ala sinasinthe n'komwe. Mu 2013 anachotsamo beta-carotene poti amawonjezera khansa ya m'mapapo kwa osuta fodya, n'kuikamo lutein ndi zeaxanthin.

Mnyamata wa pa famase:
Amayi anamwino anena zoona. Ine chandigwira ndi metformin uja. Ukamwa zaka zambiri amachepetsa vitamini B12, ndipo mimba ya munthu wamkulu imavutika kale kuyamwa B12. Akachepa iyeyu, kapena mavitamini anzake folate ndi B6, m'magazi mumachuluka amino acid wina dzina lake homocysteine, amene sagwirizana ndi mitsempha. Anthu odwala macula kawirikawiri amapezeka naye wokwera, ngakhale zimenezi pazokha sizitanthauza kuti ndiye wayambitsa. Mu 2009 kunatuluka zotsatira za amayi oposa 5,000 ku America komweko: omwe ankamwa folic acid, B6 ndi B12 kwa zaka pafupifupi 7 anadwala macula mocheperako. Auzeni adokotala za metformin, aone ngati agogo akufunika B12. Chonde asasiye mankhwala a shuga paokha.

Nachisale wa ku Luwinga:
Ife tinapusitsidwapo. Bambo anga tinawagulira timabotolo todontheza m'maso chaka chonse, kenako zinapezeka kuti ndi ng'ala. Opaleshoni ya tsiku limodzi, lero akupalasa njinga mpaka ku Ekwendeni. Ndalama ya botoloyo kagulireni agogo usipa wa ku Nkhata Bay ndi mazira, B12 ali momwemo. Lutein mukumumvayo ndi bonongwe ndi nkhwani, zomwe ana a masiku ano amati ndiwo za osauka.

Wa ku Chibavi:
Yewo nonse. Lolemba m'mawa ndiwatenga. Vuto latsala n'lakuti akangomva mawu oti opaleshoni amadzitsekera kuchipinda, ndiye ndawauza kuti tikungokayezetsa magalasi.