Rauta ya 4G izigwirabe magetsi akazima: pawabanki ingathe?

Nkhwazi_12: Akuluakulu, rauta yolowa simu khadi imafuna 12V. Kodi pawabanki ya 20,000mAh ingaiyendetse magetsi akathima?

Mpanje: Ingathe achimwene, koma osati ndi chingwe wamba. USB wamba imatulutsa 5V yokha, ndiye pamafunika chingwe chokweza mphamvu kuchoka pa 5V kufika pa 12V. Yambani mwawerenga zolembedwa pa chaja ya rautayo, marauta ena amafuna 9V. Kamutu ka chingwe kambiri ndi 5.5 x 2.1mm, pakati pake pali positive.

Chitedze: Masamu ake: 20,000mAh pa 3.7V (mphamvu ya batire ya mkati mwa pawabanki) ndi 74Wh. Kukwezako kumadya gawo lina, kumatsala pafupifupi 55Wh. Rauta yodya 7W ikhala maola 7 kapena 8. Vuto ndi pawabanki zotchipa zija: zolembedwa pachikuto ndi zomwe zili mkati zimasiyana kwambiri. Pawabanki yotulutsa 1A yokha sikwanitsa, rauta imangozima n'kuyakanso. Pezani ya 2A kupita m'mwamba.

Mpanje: Komanso musalumikize pa batire ya sola mwachindunji. Ikamatchajidwa imafika 14.4V, rauta ingapse. Ikani kaye kachipangizo kothandiza kuti mphamvu izikhala pa 12V osapitirira.