Mng'ono wanga ali ndi pathupi koma amangolira, tichite chiyani?

Wofunsa: Thandizeni abale. Mng'ono wanga ali ndi pathupi pa miyezi isanu. Masabata atatu tsopano amangodzitsekera m'chipinda n'kumalira, akuti sadzakhala mayi wabwino. Mimba yoyamba inapita padera. Ena akuti ndi za mimba chabe, zitha zokha. Zoona?

Mzamba: Kutopa, kusowa tulo, kusafuna kudya, izi amayi oyembekezera ambiri amazimva, ndiye musaweruzire pamenepo. Yang'anani zizindikiro ziwiri za matenda a kukhumudwa: kukhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lonse, ndi kusasangalalanso ndi zomwe ankazikonda, kwa masabata awiri kapena kuposa. Mwanenazi zafika pamenepo. Apite kusikelo sabata ino, asadikire tsiku lake, ndipo akanene za maganizozo poyera, apo ayi angoyezedwa BP n'kubwerera. Akayezetsenso magazi, chifukwa kuchepa magazi ndi vuto la chithokomiro zimafooketsa mofananamo.

Mlangizi wa za maganizo: Kupita padera kuja musakupeputse. Mayi wotere amadzuka pakati pa usiku, dzanja pamimba, kudikira kuti mwana asunthe, ndipo akapanda kumva kanthu amadziimba mlandu. Nkhawa imeneyi ikakhalitsa ingathe kusanduka matenda a kukhumudwa. Zina zomwe zimakokera kumeneko: ngati anadwalapo matendawa kale, mimba yosakonzekera, kuzunzidwa ali mwana, kusowa womukhuthulira za kukhosi, komanso mwamuna wosasamala kapena wankhanza. Za mwamunazo mufunseni ali yekha, bambowo palibe.

Pali mafunso 10 otchedwa EPDS, othandiza kuzindikira matendawa, okhudza masiku 7 apitawo. Lililonse limapatsidwa 0 mpaka 3, onse pamodzi 30. Akapeza 13 kapena kuposa, ayenera kuunikidwa mozama. Funso lomaliza ndi la kudzivulaza. Akavomera ngakhale pang'ono, asasiyidwe yekha, kuchipatala tsiku lomwelo.

Wofunsa: Zikomo. Nanga mankhwala sangavulaze mwana?

Mlangizi wa za maganizo: Ngati sizinafike poipa amayamba ndi uphungu wa CBT, wophunzitsa munthu kugwira ganizo ngati "ndine wachabechabe" n'kuliyesa ngati lili loona. Zikakula, dokotala angapereke mankhwala monga sertraline atayeza ubwino ndi kuipa kwake. Amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira, ndiye asawasiye msanga kapena mwadzidzidzi. Kusiya matendawa osawathandiza nakonso kuli ndi chiopsezo: mwana angabadwe masiku asanakwane kapena wochepa thupi.

Mzamba: Ndipo mawu oti "limba mtima, ena akusowa ana" asiyeni, amangomutseka pakamwa. Muperekezeni kusikeloko.