Bambo anga ali ndi exfoliation syndrome, kodi ife ana tili pachiopsezo?

Moni nonse m'gulu muno. Ndithandizeniko, nkhawa yandikulira.

Bambo anga, a zaka 71, anawapeza ndi glaucoma yoyamba chifukwa cha exfoliation syndrome. Adokotala anandionetsa pa makina tizinthu toyera ngati mfundu titamatirira m'mphepete mwa kamwanadiso. Timeneti timatseka njira yotulukira madzi a m'diso, madziwo n'kumapanikiza mtsempha woonera mpaka kuuwononga. Atayeza kupanikiza kwa madziwo, diso lakumanzere linafika 32 mmHg, pomwe labwinobwino silipitirira 21. Akudontheza mankhwala a m'maso a timolol ndi latanoprost, komabe akamatenga kapu patebulo amayamba apapasa, ndipo zimandipweteka mtima.

Kuchipatala ndafunsa kawiri ngati matendawa ndi akumtundu, anangoti tizibwera kudzayezetsa. Ndinawerenga za kafukufuku wa ku Iceland wa mu 2007 amene anapeza kuti jini (kachinthu kotengera kwa makolo) ya LOXL1 imakhudzana ndi matendawa. Chandizunguza mutu n'chakuti anthu ambirimbiri opanda matendawa alinso ndi mtundu womwewo wa jiniyo.

Ndiye kuyezetsa LOXL1 kuli ndi phindu kwa ine wa zaka 43? Nanga maso ndiziyezetsa kangati pa chaka? Amene makolo anu anadwalapo matendawa, munatani?