Galimoto ija yalira tsopano

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa momwe ndingalizire galimoto yanga ija yakhala zaka 6 osayenda. Ndinatsatira aja munati ndisathamangire kuiliza, ndinayamba ndakhuthula petulo yense wakale, ankanunkha ngati vanishi, nkusintha oyilo ndi fyuluta, kenako ndinachotsa mapulagi nkudonthezera oyilo pang'ono m'masilinda nkuzungulitsa injini ndi sipanala. Nditaika batire latsopano inalira ulendo wachitatu!

Zomwe sindinaganizireko ndi makoswe abale, anatafuna mawaya kuseri kwa dashibodi, chisa chawo ndinachipeza mu air filter (sefa ya mpweya wolowa mu injini). Mabuleki anali atagwira, komanso brake fluid (mafuta a mabuleki) amayamwa chinyezi ndiye galimoto ikakhalitsa musinthe basi. Matayala akuoneka abwinobwino koma m'mbali mwake ming'alu yokhayokha, pamsewu sindipita nayo mpaka ndigule ena.