rTMS (kutakasa ubongo ndi maginito mobwerezabwereza) pambuyo pa sitiroko: threshold ikusinthasintha, coil ikuzima pakati

physio_Joni: Anzanga thandizeni msanga. Bambo wa zaka 58, sitiroko ya MCA (mtsempha waukulu wa magazi mu ubongo) kumanzere masabata 6 apitawo, mkono wamanja Fugl-Meyer (muyeso wa mmene mkono ukugwirira ntchito) 31 pa 66. Tikupereka 1 Hz (pulse imodzi pa sekondi) pa M1 (gawo la ubongo loyendetsa minofu) yakumanja, ma pulse 1200 pa 90% ya RMT (threshold, mphamvu yochepetsetsa ya makina yotakasa mnofu wa dzanja munthu atapumula), kenako OT (masewero ophunzitsa dzanja ntchito za tsiku ndi tsiku). RMT Lolemba 46%, Lachitatu 57%, lero 49%. Ndidalire iti? Coil (chida choika pamutu chotulutsa maginito) nayonso ikumazima chifukwa chotentha tisanafike 900. Mawa abweranso 8 koloko!

neuro_OT: Achimwene, kudumpha kotereku nthawi zambiri ndi hotspot (malo enieni pamutu oika coil), osati ubongo. Avekeni kapu yothina, mujambule m'mphepete mwa coil ndi maka, tsiku lililonse mubwerere pomwepo. Chogwirira chiloze kumbuyo, madigiri 45 kuchoka pamzere wapakati pa mutu, coil igone bwino pamutupo. Ikapendekeka pang'ono mphamvu imachepa, threshold n'kuoneka yokwera. EMG (choyezera magetsi a mnofu) pa FDI (mnofu wa pakati pa chala chachikulu ndi cholozera) yakumanzere, dzanja pa pilo. Akangolimbitsa chala threshold imatsika. Mukufuna mphamvu yotsikitsitsa yopereka MEP (yankho la mnofu looneka pa EMG) ya 50 µV kasanu mwa 10, ndipo pakati pa ma pulse dikirani masekondi 5 kapena kuposa.

mkulu_wa_gym: Mukuvutikira chiyani? Kafukufuku wa NICHE, 2018, odwala 199, 1 Hz yomweyi kuphatikiza masewero a mkono kwa masabata 6. Sizinasiyane ndi sham (rTMS yongoyerekezera). Mphindi 20 zimenezo achitire masewero.

neuro_OT: Akulu, a mu NICHE anali miyezi 3 mpaka 12 chichitikireni sitiroko. Awa ndi a masabata 6. Malangizo a Lefaucheur ndi anzake a 2020 anaika 1 Hz ya mbali yosavulala pa Level A (umboni wamphamvu kwambiri) pa nkhani ya dzanja m'nyengo yoyambirirayi.

sista_rehab: Musanakhudze makina mawa, onani khadi ya mankhwala. Carbamazepine ndi phenytoin zimakweza threshold. Ndipo ngati wina wawalembera zimenezo, funsani chifukwa chake, mwina anagwapo khunyu inu osauzidwa. Tramadol wa ululu wa phewa komanso amitriptyline zimapangitsa kugwa khunyu kukhala kosavuta. Chimodzimodzi kusagona, ndi kusiya mowa mwadzidzidzi. Odwala ambiri satchula mankhwala ogula okha ku famase, muzifunsa wowasamalira tsiku lililonse, osati poyamba pokha. Clip ya aneurysm (kachitsulo kopanira mtsempha wotupa mu ubongo), cochlear implant (kachipangizo kothandiza kumva koikidwa m'khutu), kachitsulo m'diso: osayerekeza kupereka rTMS. Zotsekera m'makutu nonse awiri.

tekinishani: Za coil: ngati ilibe choziziritsa, nthawi zambiri 1200 sifika, makamaka mukamayendera 57%. Mphamvu ikakwera imatenthanso msanga. Khalani ndi ziwiri zofanana, musinthe pa 600. Zikakhala zosiyana mtundu yezaninso RMT, 46% ya iyi si 46% ya inayo. Osaikulunga m'nsalu yonyowa kapena kuiika pa ayezi, chinyezi chikalowa mu pulasitiki yong'aluka ndi ngozi ya magetsi. Yong'aluka ichotsedwe basi.

mkulu_wa_gym: Ma coil awiri, kapu, EMG, zonsezi pa chinthu chomwe chinafanana ndi sham. Dzanja limabwerera ndi kubwereza masewero kambirimbiri.

dotolo_rehab: Funso lomwe palibe wafunsa: mbali yovulalayo ili ndi MEP? Ndondomeko ya PREP2 ya ku Auckland imagwiritsa ntchito zimenezi polosera za mkono. Ganizo la 1 Hz ndi lakuti mbali yosavulala ikupondereza inzake kudzera mu corpus callosum (mlatho wolumikiza mbali ziwiri za ubongo), ndiye tiifooketse. Koma njira ya corticospinal (minyewa yochokera ku ubongo kutsikira ku msana) ikawonongeka kwambiri, mbali yosavulalayo ingakhale ndiyo ikuthandiza mkonowo. Kuifooketsa pamenepo n'kuthyola ndodo ya munthu wotsimphina. Yezani kaye, ngakhale pa 100% ya mphamvu ya makina, akuyesa kufinya dzanja.

mkulu_wa_gym: Ndanena kale. NICHE.

speech_Leeds: Pepani kulowerera. Bambowa amalankhula bwinobwino? MCA yakumanzere nthawi zambiri imabwera ndi aphasia (vuto la kulankhula kapena kumva mawu). Alipo akupereka 1 Hz pa IFG (gawo la kutsogolo kwa ubongo lokhudzana ndi kulankhula) yakumanja asanayambe speech therapy? Popanda neuronavigation (makina olondolera coil pogwiritsa ntchito chithunzi cha ubongo) malowo mukumawapeza bwanji?