Gulu la Banja: Khola la Agogo ku Domue

Mdzukulu (Domue): Mwadzuka bwanji nonse. Kuno kwa agogo sitinagone. Vumbwe walowa m'khola cha m'ma 2 koloko usiku. Tinadzidzimuka ndi phokoso, pomwe ndimatuluka ndi tochi anali atathawa kale. Nkhuku zinali 17, zinayi zafa, imodzi wapita nayo, ziwiri zavulala.

Azakhali (Tete): Mayo ine! Amayi ali bwanji?

Mdzukulu (Domue): Angokhala pakhonde chigwirire kuchibwano. Phala akana. Chawapweteka kwambiri ndi thadzi lofiira lija limafungatira mazira 11, lafa pamazira pomwepo. Masiku anali atakwana 15.

Amalume (Ulongwe): Walowera pati? Chitseko chija ndinakonza ndine.

Mdzukulu (Domue): Chitseko chili bwinobwino malume. Walowera kuseri, mmunsi. Chiswe chinadya nsichi ziwiri, ndiye wangokankha. Mapazi ake akuoneka padothi mpaka kudimba.

Alamu (Moatize): Pepani nonse. Tiyambe ndi zamoyozo. Zovulalazo uzichotse pakati pa zinzake pompano, chifukwa nkhuku ikaona magazi pa inzake imajompha osaleka. Uziike m'dengu kukhitchini, pansi uyale udzu wouma. Wiritsa madzi, uthiremo mchere pang'ono, akakhala ofunda utsuke mabala ndi kansalu koyera. Nthenga zomatirira pabala udule ndi sizasi.

Mdzukulu (Domue): Ya mawanga ili ndi bala pansi pa phiko, khungu lang'ambika ngati chala changa kutalika. Tambala walumidwa pakhosi, akungotsinzina, mutu wazolika.

Alamu (Moatize): Ya mawangayo ichira, nkhuku sichedwa kupola bola ntchentche zisaikire mphutsi. Kutentha kwa Okutobala kuno tsiku limodzi lokha bala limayamba kununkha. Gula jivi upake, dengulo uvindikire ndi neti yakale. Tambalayo umudonthezere madzi a shuga m'mbali mwa mlomo, pang'onopang'ono kuti asatsamwe. Akafika mawa osadzutsa mutu, musamuzunze, mupheni.

Azakhali (Tete): Nanga mazira aja? Musataye. Kale amayi ankatenga mazira a nkhuku yakufa n'kuikira ina.

Mdzukulu (Domue): Agogo anena zomwezo. Kamsoti kakuda kanayamba kufungatira sabata yatha, koma n'kakang'ono, kali ndi ake 6.

Alamu (Moatize): Onse sikangawafunditse. Kukada, lowa m'nyumba, uike dzira pa tochi ya foni utalifumbata. Lomwe muli mwanapiye limaoneka lakuda, mbali imodzi yokha ndiyo imawala. Lowala lonse ndi losukusa. Usankhe abwino asanu, uwalembe ndi khala. Nkhuku imaswa pa masiku 21, ndiye amenewo ayamba ndiwo. Anapiyewo udzawachotse msanga, apo ayi kamsotiko kadzanyamuka nawo n'kusiya mazira ake.

Amalume (Ulongwe): Zonsezo n'zabwino, koma vumbwe akalawa amabweranso. Ine ndigula tameki pamsika, tithire m'nkhuku yakufayo, tiisiye kuseri kwa khola. Nkhani ithere pomwepo.

Azakhali (Tete): Achimwene, chonde ayi. Pakhomo paja pali ana aang'ono atatu, pali galu, nkhumba za aneba zimayenda mosakonza. Munthu wina akhozanso kutola nkhukuyo n'kukaphikira ana. Sindikufuna poizoni pakhomo pa amayi anga.

Alamu (Moatize): Ndili mbali ya azakhali. Mukapha uyu kudimba kuli ena, kulinso likongwe. Vuto ndi khola.

Amalume (Ulongwe): Chabwino, ndamva. Ndiye timange la m'mwamba. Mitengo ya bulugama ndili nayo kumunda, ndidula inayi ikuluikulu ya miyendo. Likwere kufika m'chifuwa mwa munthu, mwendo uliwonse tiuveke lata kuti chilombo chiziterereka. Makwerero azichotsedwa madzulo alionse.

Azakhali (Tete): Waya ndigula kuno, wa maso ang'onoang'ono, osati uja galu amang'amba ndi mano. Ndiukweza pa chapa Lachinayi, malume mukaulandire pa siteji ku Ulongwe. Misomali ndi malata awiri ndani?

Alamu (Moatize): Ife. Titumiza 1,500 MT pa M-Pesa ya malume tikalandira Lachisanu.

Achemwali (Dedza): Ndangotsegula foni kumene, pepani agogo. Ine ndalama zavuta mwezi uno, koma ndili ndi misoti iwiri, ndibwera nayo podutsa pa Calomue.

Alamu (Moatize): Mtima wabwino achemwali, koma dikirani kaye. Ino ndi nyengo ya chitopa, ndipo nkhuku yachilendo ndiyo imabweretsa. Tingalire vumbwe watenga zisanu, chitopa n'kudzasesa zonse. Katemera wodontheza m'diso uja amabwerezedwa pa miyezi inayi iliyonse, za agogo zinalandira liti?

Mdzukulu (Domue): Mu Julayi. Ndikafunsa alangizi tsiku la Novembala. Misotiyo ibwere pambuyo pake, iyambe yakhala payokha masabata awiri.

Azakhali (Tete): Nkhukuzi musazione kuchepa abale. Ndi zimene amayi amagulitsa akafuna sopo, mchere ndi ya chigayo, safuna kumangotipempha ife. Zitatu anasungira chiliza cha abambo. Uwauze kuti za chilizazo tigula ife, asadandaule.

Amalume (Ulongwe): Basi, Loweruka m'mawa ndifika ndi ngolo. Anyamata a kwa mlongo wanga abwere ndi makasu ndi zikwanje. Pofika tsikulo nkhuku zizigona kuti?

Mdzukulu (Domue): Agogo akuti kukhitchini, chitseko tizipinga ndi mtondo. Ndawawerengera mauthenga onse. Aseka pomva za tameki, ati malume sanasinthe. Panopa adzuka, akuwiritsa okha madzi a mchere aja, ndipo ya mawanga yayamba kujompha madeya.