Insulini m'midzi yopanda magetsi ku Negev, ndithandizeni anzanga

CO_wakuNtcheu: Anzanga ndathedwa nzeru. Ndili kusukulu kuno ku Be'er Sheva, m'chipululu cha Negev ku Israel, Lachiwiri timapita ndi timu kumidzi ya ma Bedouin, Aluya a m'chipululumu. A ku tauni ya Rahat zawo zilibwinoko, kiliniki pafupi magetsi alipo. Koma kuli midzi yoposa 30 yomwe boma la Israel siliizindikira, magetsi kulibe, msewu fumbi lokhalokha, madzi amachita kukoka patali ndi paipi kapena kugula. Anthuwa ndi nzika, inshuwalansi ali nayo malinga ndi lamulo la 1995, ndiye insulini amalandira ndithu, nkhani ndi akafika nayo kunyumba ya malata kotentha mpaka madigiri 40. Ndili ndi mayi wazaka za m'ma 50, matenda a shuga a type 2, mapiritsi a metformin ndi insulini ya basal (yogwira ntchito nthawi yaitali) usiku, HbA1c (muyezo wa shuga wa miyezi itatu) 11 osatsika, akuti amabaya daily. Filiji ndi ya sola, batire ikatha usiku yazima. Adokotala a timu akufuna kukweza dozi koma ine mtima ukukana, bwanji ngati insuliniyo ndi yomwe yafa? Komanso Ramadan yayandikira.

Madala_NCD: Mtsuko achimwene. Mchenga wonyowa, botolo la insulini mu kachitini pakati, nsalu yonyowa pamwamba, pamthunzi. Ku Nsanje takhala tikuchita zimenezi kuyambira kale, ndipo uko mpweya ndi wouma ndiye uzizira bwino kuposa kwathu.

Sisita_Mangochi: Musakweze dozi musanaone mmene amabayira chonde. Ine ndinali ndi bambo wina timangowonjezera mayunitsi miyezi itatu, tsiku lina ndinati vulani malaya, pamimba panali chotupa cholimba ngati mbatata chifukwa amabaya malo amodzimodzi zaka zonse. Titasintha malo dozi yomweyo inamugwetsa ndi hypo (shuga kutsika kwambiri), anabwera naye pa kabaza thukuta lili kamukamu. Gwirani pamimba ndi pantchafu ndi manja anu.

CO_wakuNtcheu: Asisita pamenepo mpovuta, ine mwamuna sindingawagwire mayiwa, ndipo kukiliniki sabwera okha mpaka mwana wawo wamwamuna apeze mpata wa galimoto. Amayankhula Chiarabu, mapepala ambiri ndi Chiheberi, womasulira amakhala mwana yemweyo ndiye sindidziwa ngati zonse zikufika.

Sisita_Mangochi: Pezani nesi wachizimayi woyankhula Chiarabu, mwanayo adikire panja. Mayi sangaulule pamaso pa mwana wake kuti manambala pa peni yobayira insulini sakuwaona. Maso munawayeza?

Madala_NCD: Zonsezo nzabwino koma yambani ndi mtsuko.

Famasi_Joni: Madala mtsuko umamwa madzi tsiku ndi tsiku, mwamva kuti madzi amachita kugula. Komanso kutentha sikumapha insulini msanga ngati mmene timaopera. Bungwe la madokotala la MSF ndi yunivesite ya Geneva anayesa potengera nyengo ya ku kampu ya anthu othawa kwawo ya Dagahaley ku Kenya, zinatuluka 2021, pakati pa madigiri 25 ndi 37 insulini inakhalabe ndi mphamvu masabata anayi. Ine ndikuopa filijiyo, masana dzuwa likaswa timafiliji tina timaundanitsa zinthu, insulini ikaundana basi yatha ngakhale isungunuke. Funsani amaiika pati, komanso amatenga ya miyezi ingati nthawi imodzi. Yosatsegula isungidwe pa madigiri 2 mpaka 8, yotsegula masiku 28 mutaye.

Madala_NCD: 37 si 40 ayi, ndipo m'nyumba ya malata mumaposa pamenepo. Mu mtsuko simuundana kanthu. Kapu ziwiri za madzi patsiku zingavute?

Nesi_Leeds: Palibe wafunsa za tiyi. Anthu amenewa mlendo akafika ndi tiyi wa shuga wambiri, kukana ndi chipongwe, patsiku makapu angati? Kale amayenda ndi ziweto mtunda wautali, pano malo odyetsera anachepa anthu angokhala pamodzi, chakudya ndi buledi woyera ndi zakumwa za m'mabotolo. Musawauze kuti siyani, sangamve, kambiranani zochepetsa masupuni.

Sisita_Mangochi: Za Ramadan samalani kwambiri. Wa HbA1c 11 pa insulini sayenera kusala koma ambiri amasalabe mwakachetechete, kuno timaziona chaka ndi chaka. Kuli bwino akuuzeni zoona. Shuga ikatsika pansi pa 3.9 kapena kukwera kuposa 16.6 amasule pompo, ndipo awuzeni kuti kudzibaya chala poyeza sikuononga swaumu, ambiri amaopa zimenezo. Ife zinayamba kuyenda titakhala pansi ndi ma shehe, mawu awo amamveka kuposa athu. Kukweza basal sabata yoti ayamba kusala, kumudzi koti ambulansi imavutika kupeza nyumba chifukwa kulibe adiresi, ine ayi.

Famasi_Joni: Ma strip oyezera shuga ali nawo kodi? Nawonso amaonongeka ndi kutentha.

Madala_NCD: Nawonso aikeni pafupi ndi mtsuko, bola asanyowe.

Nesi_Leeds: Kodi a Joni, insulini ya soluble ikupezeka kwanuko? Achemwali anga ku Dedza akuti mwezi uno anabwerako chimanjamanja.